Though, through, tough, cough: mwana timuthandize bwanji pa mawu a "ough"?

Nachisale_Dedza:
Moni nonse pagulu pano, makamaka aphunzitsi. Mwana wanga ali Sitandade 6 ndipo sabata ino awapatsa mawu khumi oti aloweze, lembetso lili Lachisanu. Asanu ndi awiri mwa mawuwo ndi awa: though, through, tough, cough, thought, plough, enough. Zilembo zake n'zomwezomwezo, o-u-g-h, koma akuti mawu aliwonse ali ndi katchulidwe kakekake. Mwanayu Chichewa amawerenga bwinobwino, ngakhale makalata a kutchalitchi amatiwerengera ndi iyeyo, koma apa wangoti kakasi. Ine sukulu ndinalekezera Fomu 2. Kodi pali lamulo limene ndingamuuze, kapena n'kungoloweza basi? Nanga azungu analemberanji chinenero chawo chonchi?

Kabaza_Lunzu:
Lamulo palibepo mayi. N'kuloweza basi. Ifenso tinadutsa momwemo.

Madamu_Sitandade5:
A Nachisale, mwanayo musamuone ngati wofooka m'kalasi. Mwana amene waphunzira kuwerenga m'Chichewa amazolowera kuti chilembo chilichonse chili ndi liwu lake. Akangodziwa a e i o u ndi maphatikizo, ba be bi bo bu, amawerenga ngakhale mawu amene sanawaonepo. Akafika pa Chingerezi amayembekezera zomwezo, ndipo sakulakwa kuyembekezera choncho. Chingerezicho ndiye sichisunga pangano limenelo.

Zimene anena a Kabaza n'zoona mbali imodzi. Lamulo limodzi lokwanira mawu onse palibedi, koma mawuwa ali m'magulu, ndipo maguluwo si ambiri.

Gulu lalikulu, lomwenso ndi losavuta, ndi la mawu othera ndi t: thought, bought, brought, fought, sought, ought, nought. Onsewa amamveka mofanana, o wautali kenako t. Mwana akagwira amodzi wagwira onse. Wosiyana ndi anzake m'gululi ndi drought yekha, chilala, amene amamveka ngati out kapena shout.

Kenako pali amene amathera ndi liwu la f. Tough, rough ndi enough amayendera limodzi, tafu, rafu, inafu. Cough ndi trough ali paokha, kofu, trofu.

M'mawu otsalawo gh samveka n'komwe. Though, although ndi dough amathera ngati go. Plough ndi bough amathera ngati cow. Through ali yekha, amathera ngati blue. Thorough ndi borough amathera ndi kaliwu kofooka, ngati a wachidule.

Mukawerenga bwino muona kuti mawu a ough amene mwana wa kupulayimale angakumane nawo sapitirira makumi atatu. Chimene sindikugwirizana nacho ine ndi kuwapatsa ana mawu asanu ndi awiriwo sabata imodzi, ochokera m'magulu asanu ndi limodzi osiyana. Ine ndimayamba ndi gulu la bought, ana alizolowere, alembe nalo ziganizo, kenako patapita masabata ndimabweretsa tough ndi rough. Though ndi through sindiwaphunzitsa tsiku limodzi ngakhale pang'ono.

Ahedi_Opuma:
Madamu, pamagulu paja ndikuvomerezana nanu, mwawayala bwino. Koma pomalizapo ayi. Ana amapasa umawasiyanitsa ukawaimika pamodzi. Mwana akaphunzira though mwezi uno, through mwezi wamawa, tsiku limene adzakumane nawo onse m'ndime imodzi pa mayeso a Sitandade 8 adzasokonezeka chifukwa palibe anamuonetsapo kuti kusiyana kwake ndi r mmodzi yekha. Ine ndinkalemba pa bolodi though, through, thorough, thought, mmodzi pansi pa mnzake, r ndi t n'kuzilemba ndi choko chofiira. Ana ankaona ndi maso awo pamene pagona kusiyana. Mphunzitsi wa mwana wa a Nachisale sanalakwe.

Madamu_Sitandade5:
Bambo, kuwaimika pamodzi n'kofunika, sindikukana. Funso ndi lakuti liti. Mwana ayambe wadziwa mmodzi bwinobwino, tanthauzo lake, katchulidwe kake, azitha kumugwiritsa ntchito m'chiganizo. Akatero ndiye mumuonetse mnzake wofanana naye. Mukamuonetsa onse akadali achilendo amangoona mulu wa zilembo. Ndiponso inu munkaphunzitsa kalasi ya ana angati? Ine ndikaima kutsogolo, ana akumbuyo choko chofiiracho sachiona n'komwe.

Ahedi_Opuma:
Kuchuluka kwa ana ndi nkhani ina, ndipo ndikukumverani chisoni. Koma silabasi siyembekezera. Mukati gulu limodzi pa mwezi, chaka chitha musanafike pa drought, pomwe mawu amenewo ana akuwapeza kale m'phunziro la ulimi.

Kabaza_Lunzu:
Onani aphunzitsi okhaokha sakugwirizana. Nanga kholo lichite chiyani?

Mlembi_Zomba:
Ine nditenge funso lachiwiri lija, loti analemberanji chonchi, chifukwa yankho lake limathandiza mwana kuleka kudziona ngati wolephera.

Kalekale gh ameneyu ankamveka. Linali liwu la pakhosi, lokhadzula, limene anthu a ku Scotland akulitchulabe mpaka pano m'mawu oti loch, kutanthauza nyanja. M'Chingerezi chakale kwambiri ankalilemba ndi h yekha: night ankalembedwa niht, daughter ankalembedwa dohtor. Anthu a ku Normandy, dera la ku France, atalanda England mu 1066, ntchito yolemba inalowa kwambiri m'manja mwa alembi ozolowera Chifalansa, kalembedwe n'kuyamba kusintha, ndipo patapita zaka mazana angapo liwu lija linakhazikika pa zilembo ziwirizi, gh.

Kenako panachitika zinthu ziwiri zosemphana. William Caxton anatsegula makina osindikizira mabuku ku Westminster mu 1476, ndipo kuchokera pamenepo kalembedwe kanayamba kuuma pang'onopang'ono. Pamene Samuel Johnson ankatulutsa dikishonale yake mu 1755, mawu ambiri anali atakhazikika kale mmene tikuwaoneramu. Koma pakamwa pa anthu zinthu sizinaime. Kuyambira m'zaka za m'ma 1400 mpaka za m'ma 1600, liwu la pakhosi lija linatha m'Chingerezi cha kumwera kwa England. M'mawu ena linangosowa, ngati night, though, plough. M'mawu ena linasanduka f, ngati cough, tough, laugh. Nthawi yomweyonso mavawelo aatali anali akusuntha malo, chimene akatswiri amachitcha Great Vowel Shift. Onjezerani kuti mawu a ough amenewa sanali ndi vawelo yofanana chiyambire, aliwonse anachokera kwake, ndiye aliwonse anayendanso njira yake.

Choncho zimene mwana alembe Lachisanu zikutsata mmene anthu ankayankhulira zaka ngati 600 zapitazo, pamene zimene akumva kwa aphunzitsi ndi mayankhulidwe a lero. Muuzeni zimenezi. Mwana wa Sitandade 6 amamva.

Mjoni_wa_Paarl:
A Mlembi, zimene mwanenazi ine ndimazimva ndi makutu tsiku lililonse. Ndili pa famu ya mphesa kuno ku Western Cape ndipo anzanga ambiri amayankhula Afrikaans. G wawo ndi wa pakhosi, yemwe uja mumamumva munthu wakuno akamatchula Gauteng. Usiku amati nag. Kuwala amati lig. Nambala 8 amati agt. Mwana wamkazi dogter, kuseka lag, kukwanira genoeg, pulawo ploeg, chilala droogte. Tsopano ikani pambali pake night, light, eight, daughter, laugh, enough, plough, drought. M'mawu onsewa, pamene Chingerezi chili ndi gh wosamveka kapena womveka ngati f, iwowa ali ndi g wa pakhosi ndipo amamutchula ndithu. Ndinkangodabwa kuti mawuwa akufanana bwanji, lero ndamva chifukwa chake.

Mlembi_Zomba:
Ndi zomwezo achimwene. Afrikaans inachokera ku Chidatchi, ndipo Chidatchi, Chijeremani ndi Chingerezi ndi zinenero zapachibale. Ajeremani amati Nacht, Licht, acht, Tochter, lachen, ch wakeyo ndi liwu lomwe lija. Abale ake analisunga, Chingerezi chinalitaya n'kutsala ndi zilembo zokha.

Nya_wa_ku_Rumphi:
Ife akumpoto gh timamutchula tsiku ndi tsiku. Kuganiza timati kughanaghana. Ndiye mwana wa kwathu akaona enough kapena cough koyamba amafuna kumutchula gh-yo monga amachitira m'Chitumbuka, aphunzitsi n'kumuletsa. Kumva kuti kale azungu eni ake ankamutchula kwandisangalatsa.

Mlembi_Zomba:
Mayi, malo ake m'kamwa ndi omwewo, kumbuyo kwenikweni. Kusiyana kwake n'kwakuti wa Chitumbuka amatuluka ndi mawu, mukagwira pakhosi pamanjenjemera, pamene wa loch ndi mpweya wokha. Koma mwana wa ku Rumphi ali pafupi kwambiri ndi katchulidwe kakale kuposa mwana wa ku London wa lero.

Bambo_a_Junior47:
Mbiri n'zabwino, koma tisazembe vuto lenileni. Ana athu akuchedwa kuyamba Chingerezi. Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu za boma zambiri amaphunzira m'Chichewa, kenako Sitandade 5 mwadzidzidzi zonse m'Chingerezi. Boma linalengeza mu 2014 kuti Chingerezi chiyambe kugwiritsidwa ntchito kuchokera Sitandade 1, koma pitani m'makalasi mukamve. Wanga ali kusukulu ya pulaiveti, kunyumba timamuyankhula Chingerezi chokhachokha, ndipo enough amatchula bwino kuyambira ali ku nesale. A Nachisale, chepetsani Chichewa pakhomo.

Nachisale_Dedza:
Bambo, ndichepetse Chichewa ndiziyankhula naye chiyani? Agogo ake aziyankhula naye chiyani?

Kabaza_Lunzu:
Funso limenelo liyankhidwe.

Namwino_Midlands:
Bambo a Junior, kutchula ndi kulemba ndi zinthu ziwiri. Mwana wanu amatchula enough chifukwa amamva kunyumba, koma mupatseni pensulo alembe thorough muone. Ine ana anga akuphunzira kuno ku England, Chingerezi ndi chimene amasewera nacho, amalota nacho, komabe amabwera ndi mindandanda ya mawu omwewa oti aloweze. M'silabasi ya kuno mawu ngati enough, though, thought ndi through ali pa mndandanda wa Year 3 ndi 4, ndipo phunziro lenileni la zilembo za ough linaikidwa ku Year 5 ndi 6, ana a zaka 9 mpaka 11. Ndiye kuti ngakhale eni chinenero amadziwa kuti pamenepa mwana aliyense amapunthwa. Vuto si Chichewa.

Ndiponso akuluakulu akuno amavutika ndi mayina a malo awo omwe ngati sanawamvepo. Pafupi ndi kumene ndimakhala pali tawuni ya Loughborough. Ough alimo kawiri m'dzina limodzi ndipo amamveka mosiyana, woyamba ngati wa tough, wachiwiri ngati wa thorough, Lafubura. Slough, kufupi ndi London, amamveka ngati plough. Ku Northern Ireland kuli nyanja ya Lough Neagh, kumeneko Lough amatchulidwa ndi liwu la pakhosi lija anena a Mlembi. Palibe amene angadziwe zimenezi pongoyang'ana zilembo, umayenera kumva munthu akutchula.

Kabaza_Lunzu:
Middlesbrough ife timaitchula bwino chifukwa cha mpira pa wailesi. Kulemba ndiye ayi.

Namwino_Midlands:
Eya a Kabaza, khutu limatsogola. Ndipo nawonso zilembo zathu zimawagwetsa. Kuntchito wodwala akaona baji yolembedwa Phiri amati Firi, chifukwa kwa iwo ph ndi f. Thoko amamutchula ndi th wa think, lilime pakati pa mano. Akaona Mphatso kapena Ng'oma amangokhala chete kudikira kuti mwini wake atchule. Chinenero chilichonse chili ndi mapangano ake pa zilembo.

Wa_ku_Boarding_90s:
Nkhani ya kuchepetsa Chichewayi yandikumbutsa za kusekondale. Ukagwidwa ukuyankhula chinenero chakwanu ankakuveka kachikwangwani pakhosi, uyende nako mpaka upeze mnzako woti umupatsire, ndipo amene wagona nako mawa lake akatchetche udzu. Zotsatira zake ambiri tinangophunzira kukhala chete. Mnzanga wina wanzeru kwambiri pa masamu ankatha tsiku lonse osatsegula pakamwa kuopa kulakwitsa. Chingerezi sichilowa ndi mantha. Sindikufuna mwana wanga adutse mmenemo.

Bambo_a_Junior47:
Koma inu amene munavala kachikwangwaniko lero Chingerezi mumayankhula. Chilango chinagwira ntchito.

Wa_ku_Boarding_90s:
Chimene chinagwira ntchito ndi laibulale. Tinali ndi kachipinda ka mabuku akale, ena opanda zikuto, ndipo amene tinkabwereka ndi amene tinakhoza. Ovala kachikwangwani anali ambiri kuposa okhoza.

Ahedi_Opuma:
Pamenepa ndiima ndi a Boarding. Zolanga ana chifukwa cha chinenero cha makolo awo ndinaziletsa pasukulu imene ndinkayang'anira. Mwana wodziwa kuwerenga bwino m'Chichewa amakhala atadziwa kale kuti zilembo zimaimira maliwu, amadziwa kutsata mzere, amadziwa kufunafuna tanthauzo. Zonsezo amapita nazo ku Chingerezi. Ana amene ankandivuta kwambiri ku Sitandade 5 anali amene sankatha kuwerenga chinenero chilichonse.

Admin_Gulu:
Abale, za chilango ndi za sukulu za pulaiveti tizitsegulire mutu wake. Pano mayi afunsa za mawu a ough, ndipo Lachisanu silili kutali.

Sir_wa_Fomu4:
Ndibwerere pamutu ndi zimene ndimaona pochonga zimangirizo. Ana akafika Fomu 3 ndi 4, cough ndi plough sawavutanso kwenikweni. Amene amawagwetsa ndi anayi: bought ndi brought, taught ndi thought. Wina amalemba kuti my mother brought sugar at the market pomwe akutanthauza kugula. Wina amalemba kuti the teacher thought us. Ndimawapatsa njira iyi, ndipo a Nachisale mukhoza kumuuza mwana lero lomwe. Ayang'ane mneni amene mawuwo achokera. Bring ali ndi r, ndiye brought alinso ndi r. Buy alibe r, bought alibenso. Teach ali ndi a, catch ali ndi a, ndiye taught ndi caught amalembedwa ndi a, a-u-g-h-t. Think, buy, bring, fight, seek alibe a, ndiye onse amapita ku o-u-g-h-t. Pa aneni amene ana amawagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku njira imeneyi siphonya.

China chimene chikundidetsa nkhawa ndi kalembedwe ka pafoni. Thru, tho, enuf, gud nyt. Mwana akazolowera chala, pa mayeso dzanja limangolemba lokha. Ndipo tisaiwale kuti popanda kukhoza Chingerezi satifiketi ya MSCE siituluka, ngakhale maphunziro enawo atayenda bwino.

Chemwali_wa_Salon:
Koma Sir, thru si kalembedwe ka ku America? Ndimaona pa zikwangwani m'mafilimu, drive-thru. Ngati iwo alola, ife tikukaniranji?

Sir_wa_Fomu4:
Chemwali, pa zikwangwani ndi pa malonda amalembadi thru, monganso amalembera donut m'malo mwa doughnut, madonasi athu aja. Koma m'kalata ya ntchito kapena pa mayeso ngakhale ku America komweko amalemba through. Amene anasinthadi ndi ochepa, monga plough amene iwo amalemba plow, ndi draught amene amalemba draft. Sukulu zathu zimatsata kalembedwe ka ku Britain, choncho mwana alembe plough.

Mlembi_Zomba:
Ndiwonjezere pa za America. Noah Webster, amene anatulutsa dikishonale yake yaikulu mu 1828, ankafunitsitsa kufewetsa kalembedwe. Zina anthu anazilandira, ngati color ndi center, zina anazikana. Though, through, tough ndi cough anatsala momwemo mbali zonse ziwiri za nyanja.

Palinso mawu amene gh analowamo popanda chifukwa chenicheni. Delight anachokera ku Chifalansa ndipo analibe gh, anthu anangomufanizira ndi light ndi night. Hiccough, ntchikwi, amatchulidwa hiccup, ndipo kalembedwe ka ough kanabwera chifukwa anthu ankaganiza kuti pali ubale ndi cough. Masiku ano ambiri amangolemba hiccup. Koma through ndi thorough ndi apachibale enieni, poyamba anali mawu amodzi. Chinthu chimene wachichita thorough ndi chimene wachidutsa kuchokera koyamba mpaka kumapeto.

Mnyanja_wa_ku_Cipata:
Moni a ku Malawi. Ine ndili ndi funso. Cinenero cathu cino tinatha kucisintha kalembedwe. Kuno ku Zambia tikali kulemba c, cakudya, cifukwa, Cinyanja, pamene inu munasamukira ku ch. Baibulo lakale la Buku Lopatulika lili ndi cifukwa ndi wace, ndipo ana a ku Malawi a lero amaliona lacilendo. Ngati ife tinakwanitsa kusintha, Angelezi cikuwakanika n'ciyani? Angolemba tuf, cof, thru, nkhani yatha.

Mlembi_Zomba:
Achimwene a ku Chipata, ife tinali ndi bungwe. Chichewa Board inatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, boma n'kuwalowetsa m'sukulu, m'mabuku ndi m'nyuzipepala, ndipo dziko linali limodzi. Ngakhale pamenepo onani, malire okha a Mchinji atisiyanitsa c ndi ch mpaka lero. Chingerezi chilibe bungwe lotero. Chikuyankhulidwa ku Britain, America, India, Nigeria, Australia, kwathu kuno, aliyense ndi katchulidwe kake. Mukati tilembe monga timatchulira, titsata pakamwa pa ndani? Munthu wa ku London amatchula caught ndi court mofanana, wa ku Scotland ndi Amereka ambiri amawasiyanitsa chifukwa r amamutchula.

Chachiwiri, kalembedwe kovutaka nthawi zina kamathandiza wowerenga. Through ndi threw amamveka chimodzimodzi. Night ndi knight, right ndi write, dough ndi doe, chimodzimodzinso. Pa pepala diso limawasiyanitsa msanga. Ife m'Chichewa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika timalemba mofanana ngakhale pakamwa timakweza ndi kutsitsa mawu mosiyana, ndipo wowerenga amadalira chiganizo kuti adziwe. Sindikunena kuti ough ndi wabwino. Ndikungoti amene angafune kumuchotsa ali ndi ntchito yaikulu.

Mnyanja_wa_ku_Cipata:
Ndamva, koma mtolo wonse ukugwera ana athu amene Cingelezi si ca kwao.

Nachisale_Dedza:
Zikomo nonse, ndakopera magulu aja a Madamu m'kope, ndi njira ya a Sir ya r ndi a. Koma pali chimene chikundivutabe. Ndikamamuyesa kunyumba, ine ndikatchula thought ndi taught zimatuluka mofanana, though ndi dough chimodzimodzi. Mwana akundifunsa kuti amayi mukunena ati? Kodi sindikumusokoneza?

Madamu_Sitandade5:
Mayi, limenelo si vuto lanu nokha, aphunzitsi ambirife tili nalo. Th wa Chichewa, wa thumba ndi thobwa, ndi t wotuluka ndi mpweya. Th wa Chingerezi ndi wina, nsonga ya lilime imakhudza mano akumwamba mpweya n'kumadutsa. Ndiponso alipo awiri: wa thought, through ndi thorough ndi mpweya wokha, wa though ndi although amatuluka ndi mawu ngati wa this ndi that. Chichewa chilibe onse awiri, ndiye timagwira amene ali pafupi, t kapena d. N'chifukwa chake thought amamveka ngati taught, though ngati dough.

Chochita n'chosavuta. Musamatchule mawu paokha. Nenani chiganizo chachifupi, kapena nenani tanthauzo m'Chichewa. Mukati lemba mawu otanthauza ndinaganiza, alemba thought. Ndinaphunzitsa, taught. Ngakhale, though. Kudzera, through. Kukhosomola, cough. Kulima ndi ng'ombe, plough. Potero akumangirira kalembedwe ku tanthauzo, ndipo zimenezo n'zimene zidzamuthandize polemba chimangirizo. Chitaninso izi: ayang'ane mawuwo, awatchule, muwaphimbe ndi dzanja, alembe, kenako aone yekha ngati wakhoza. Mawu awiri kapena atatu madzulo aliwonse, mphindi khumi zikwana. Akalakwitsa musamukalipire, angoona chilembo chimene chasowa n'kulembanso.

Namwino_Midlands:
Ngati pakhomo pali foni ya intaneti, lembani mawuwo pa Google n'kuwonjezera pronunciation, pamabwera kachizindikiro ka sipika, mukadina mumamva katchulidwe. Sizidya bandulo yambiri. Mwana amve kawiri katatu, abwereze.

Kabaza_Lunzu:
Kumudzi netiweki yake iti? Wailesi ndiye ilipo. Nkhani za m'Chingerezi zikamawerengedwa mwana azimvera nawo, though ndi through amatuluka pafupipafupi.

Ahedi_Opuma:
Madamu, pa chiganizo paja tagwirizana. Lembetso labwino mphunzitsi amatchula mawu, n'kuwaika m'chiganizo, n'kuwatchulanso. Amene amangoponya mawu paokha akuyesa makutu a ana pa katchulidwe kamene mwina iye mwini sakukatchula bwino. A Nachisale, palibe cholakwika kupita kusukulu n'kukapempha aphunzitsi mwaulemu kuti Lachisanu atero. Koma pa zowaika pamodzi sindinasinthe. Lachinayi madzulo mwanayo alembe though, through, thought pa tsamba limodzi, mmodzi pansi pa mnzake, azungulize r ndi t.

Madamu_Sitandade5:
Lachinayi ndilola bambo, chifukwa pofika tsikulo adzakhala atakumana ndi aliyense payekha. Lero ayambe ndi thought, tough ndi enough okha. Though adikire mawa, through adikire Lachitatu.

Nya_wa_ku_Rumphi:
Madamu, nanga mawu a ight aja, light, night, right? Wanga ali Sitandade 4, ndiyambe kumukonzekeretsa?

Madamu_Sitandade5:
Amenewo yambani nawo ngakhale lero, ndi okhulupirika. Light, night, right, fight, might, sight, tight, bright, flight, onse amamveka mofanana ndipo ana amawakonda chifukwa amatha kuwaimba. Chenjerani pokhapo pamene kutsogolo kwa igh kwabwera e kapena a. Eight, weight ndi straight amamveka ngati late, koma height amamveka ngati light ngakhale amalembedwa ngati weight. Amenewo muwasungire Sitandade 5.